Funsani Azaumoyo: Wodwala ndi mmodzi, omusamalira aphunzire limodzi

Makalata ambiri a mwezi uno akhudza nkhani imodzi: kaphunzitsidwe ka ophunzira zaumoyo kuti akadzalowa ntchito azidzamvana, wina ali namwino, wina dokotala, wina wa kulabu kapena wa kufamase. Oyankha ndi aphunzitsi a zaumoyo pamodzi ndi anzawo ogwira ntchito m'zipatala. Mafunso ena tawafupikitsa.

Mwana wanga akuphunzira unamwino. Atabwera ku holide anandiuza kuti masiku ena amawasakaniza ndi ophunzira udokotala ndi a zamankhwala. Kodi kumeneku si kusowa kwa aphunzitsi? Ine fizi ndikulipira kuti aphunzire unamwino. *Bambo wa ku Dedza*

Mtima m'malo, bambo. Unamwino akuphunzira ndithu, ndipo masiku amenewo akuphunzira gawo la unamwino limene sangaliphunzire ali ndi anamwino okhaokha.

Taganizani mwana wa zaka ziwiri amene wafika pachipatala cha boma akukomoka ndi malungo. Woyamba kumuona ndi mlonda wa pageti kapena kalaliki wolemba mabuku. Namwino amamuyeza kulemera ndi shuga wa m'magazi, kiliniko ofesala amalemba mankhwala, wa kulabu amayeza malungo ndi kuchuluka kwa magazi, wa kufamase amatulutsa artesunate, mankhwala a jakisoni a malungo aakulu, ndipo namwino wa usiku ndiye amabaya jakisoni wachiwiri pakatha maola 12. Aliyense mwa anthuwa akhoza kukhala katswiri pa gawo lake, mwanayo n'kutayikabe pamene akuchoka m'manja mwa uyu kupita kwa uyo. Kulemera kwake kunalembedwa pakapepala kamene kanatsala ku OPD, ndiye mlingo wa mankhwala unangoganiziridwa, chonsecho mwana wosakwana makilogalamu 20 amafunika 3 mg pa kilogalamu iliyonse pamene wamkulupo amafunika 2.4 mg pa kilogalamu. Zotsatira zosonyeza kuti magazi achepa kwambiri zinatuluka 3 koloko masana, koma zinagona pawindo la labu chifukwa a kuwodi ankadikira kuti a kulabu azibweretsa, a kulabu nawo ankadikira kuti a kuwodi adzazitenga. Palibe amene analephera mayeso a kusukulu pamenepa. Chimene chinasowa ndi kudziwana ndi kulankhulana.

N'chifukwa chake bungwe la WHO mu 2010 linatulutsa ndondomeko yolimbikitsa kuti ophunzira a ntchito ziwiri kapena kuposerapo aziphunzira pamodzi, wina aziphunzira kwa mnzake, komanso aziphunzira za ntchito ya mnzakeyo. Kuno kwathu mwayi unakula mu 2021 pamene College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala yunivesite imodzi ya zaumoyo, Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Koma kukhala sukulu imodzi pakokha sikukwanira. Ngati ophunzira 200 angokhala m'holo imodzi kumvera phunziro la za thupi la munthu, anamwino mbali iyi, madokotala mbali iyo, n'kutuluka osayankhulana, amenewo angogawana mipando. Mumufunse mwana wanuyo kuti: kodi mumapatsidwa wodwala mmodzi, kaya weniweni kaya wa pepala, kuti mumuthandize pamodzi? Akati eya, ndalama zanu zikugwira ntchito.

Umboni wake tili nawo pafupi. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chitakonza kalandiridwe ka ana odwala mwakayakaya, motsogozedwa ndi Pulofesa Elizabeth Molyneux, imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pa 10 mpaka 18 pa 100 aliwonse kufika pa 6 mpaka 8. Njira ya ETAT, yozindikira ndi kuthandiza msanga ana odwala mwakayakaya, imene imaphunzitsidwa m'mayiko ambiri lero imanena kuti ngakhale alonda, akalaliki ndi okolopa adziwe zizindikiro zoopsa, chifukwa iwowo ndiwo amayamba kumuona mwana ali kumsana kwa mayi ake pamzere.

Ndimaphunzitsa pakoleji yaing'ono ya anamwino ndi azamba. Tilibe zidole zamakono zija zophunzirira kusamalira odwala, ndiponso tilibe ophunzira udokotala. Tingayambire pati? *Mphunzitsi, chigawo chakumwera*

Aphunzitsi, yambirani pachipatala chimene ophunzira anu amakachitira pulakitiko. M'zipatala zambiri za maboma ndi za mishoni (za CHAM) mumapezeka pa nthawi imodzi ophunzira a makoleji angapo: a ukiliniko ofesala, a umedikolo asisitanti, a kulabu, a zamankhwala, ndi ma intern. Amadutsana m'makonde tsiku lililonse koma aliyense ali ndi buku lake loti lisainidwe. Kambiranani ndi a metironi ndi mkulu woona za makiliniko kuti akupatseni mphindi 40 kamodzi pa sabata, ndipo phunziro loyamba likhale la mayi amene akutaya magazi ambiri atangobereka. Vuto limeneli limafuna manja ambiri nthawi imodzi, ndipo limaonetsa msanga ngati gulu likumvana.

Zipangizo zake n'zochepa. Wophunzira mmodzi akhale mayiyo, avale kabudula wakale pamwamba pa zovala zake. Pamimba mumangirireni kampira kofewa kokulungidwa m'nsalu, kakhale chiberekero. Thumba la diripi lotha mulidzaze madzi osakaniza ndi utoto wofiira wa makeke, paipi yake idutse pansi pa chitenje, mphunzitsi mmodzi azitsegula ndi kutseka. Mabotolo a mankhwala otha muwathire madzi, muwalembe zilembo zazikulu kuti ndi ophunzirira, ndipo muwawerenge potuluka kuti lina lisasochere kukafika pa thireyi yeniyeni.

Sewero lisanayambe, chitani kaye ichi: thirani madzi ofiirawo pa zitenje zitatu, china 300 ml, china 500 ml, china lita imodzi, aliyense alembe papepala kuti akuona magazi ochuluka bwanji. Ambiri amalemba mochepetsa, ndipo akaona okha kulakwitsa kwawo samaiwalanso. Kenako aonetseni kayezedwe: chitenje chonyowa pa sikelo, kuchotsera kulemera kwa chouma, galamu imodzi ikuimira pafupifupi 1 ml. Kumene kuli pulasitiki yoyalira yokhala ndi thumba la mizere yoyezera, agwiritse ntchito imeneyo.

Gulu likhale la anthu 6 mpaka 8, ntchito zosachepera zitatu ziimiriridwe. Mphindi 5 zoyamba n'zofotokozera malamulo: pano sitikulemba mayeso, zolakwika za pano zithera pano, aliyense agwire ntchito ya gawo lake lenileni. Mphindi 10 ndi za sewero. Mphindi 20 kapena kuposa ndi zokambirana, ndipo phunziro lenileni lili m'menemo.

M'seweromo mzamba wophunzira amapeza kuti magazi afika 500 ml. Ayenera kuitana mokweza, n'kunena vutolo ndi dzina lake kuti aliyense wolowa adziwe chimene walowera. Mmodzi akhale mtsogoleri, aime kumapazi kwa bedi pamene akuona zonse, ndipo ngati manja alipo okwanira iye asagwire kanthu. Wina asisite chiberekero ndi kuika paipi ya mkodzo, poti chikhodzodzo chodzaza chimalepheretsa chiberekero kukhwima. Wina aike makanyula awiri aakulu, a 16 kapena 18, atenge magazi okayeza, ayambitse diripi. Wina akoke mankhwala: oxytocin wokhwimitsa chiberekero, pa mlingo wa mu ndondomeko ya chipatala, ndi tranexamic acid wochepetsa kutaya magazi, 1 g wolowa mumtsempha pang'onopang'ono kwa mphindi 10, amene amathandiza akaperekedwa maola atatu asanathe chiberekereni. Wina azilemba nthawi, BP ndi kugunda kwa mtima. Wina athamange kulabu. Wina aunike chimene chikutulutsa magazi: chiberekero chofewa, kung'ambika, zotsalira za nsengwa, kapena magazi osaundana. Ndipo wina, musaiwale, azilankhula ndi mayiyo, amene akumva zonse ndipo ali ndi mantha.

Mfundo yaikulu ndi yakuti zonsezi zichitike pamodzi, osati kuyesa chimodzi n'kudikira kuti tione. Kafukufuku wa E-MOTIVE amene anatuluka mu 2023, wochitika m'zipatala za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania, anapeza kuti kuyeza magazi molondola ndi kupereka chithandizo chonse pamodzi mkati mwa mphindi 15 kunachepetsa mavuto aakulu a kutaya magazi ndi 60 peresenti. Munthu mmodzi sangachite zonsezo m'mphindi 15.

Zimene mudzaone zikusokonekera ndi izi. Mtsogoleri amafuula kuti "wina abweretse oxytocin!" ndipo palibe amene amapita, kapena amapita atatu. Mankhwala ake ndi kutchula munthu dzina, kumuyang'ana, iye n'kubwereza: "Tranexamic acid galamu imodzi, mphindi khumi, ndikukoka." Akatha anenenso: "Walowa, nthawi 2:14." Poyamba amachita manyazi ngati akusewera, koma kubwerezako ndi kumene kumagwira cholakwika chisanalowe mumtsempha. Mudzaonanso onse ataunjikana kumiyendo, BP osayezedwa kwa mphindi zisanu ndi zitatu. Mudzaona botolo la magazi likufika kulabu lopanda dzina. Mukachitira seweroli mu leba wodi yeniyeni nthawi imene mulibe odwala ambiri, mudzapezanso zolakwika zimene si za ophunzira: oxytocin, amene amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, ali mu firiji yokhoma ndipo kiyi ali ndi munthu amene wapita ku nkhomaliro, kapena tranexamic acid mulibe m'bokosi la ngozi. Zoterezi zilembeni mukazipereke kwa oyang'anira wodi tsiku lomwelo.

Pokambirana, mipando ikhale mozungulira, ndipo mphunzitsi adzigwire. Ambiri a ife timalakwitsa apa: timasandutsa mphindi 20 zija kukhala phunziro lathu. Yambani ndi "mwamva bwanji?", kenako wina afotokoze zimene zinachitika motsatana. Funso lanu likhale ndi chimene munaona ndi chimene mukufuna kumvetsa: "Ndinaona kuti BP itatsika kufika 80 palibe amene ananena mokweza. Inu amene munayeza, munkaganiza chiyani nthawi imeneyo?" Yankho lake kawirikawiri limakhala lakuti "ndimayesa aona" kapena "ndimaopa kudula adokotala pakamwa." Pamenepo ndiye mwafika pamene pagona nkhani. Yambani kufunsa wamng'ono kwambiri m'gulumo, chifukwa wamkulu akayamba kulankhula ena onse amangovomereza.

Sabata ina chitani seweroli ndi anthu awiri okha, mzamba ndi wothandizira, monga zimakhalira pa helefi senta usiku, kuphatikizapo kuimba foni yoitanitsa ambulansi ndi kulemba kalata yotumizira wodwala. Ophunzira udokotala ndi ukiliniko ofesala akhale mbali yolandira foniyo. Akamva okha mmene zimavutira kusisita chiberekero ndi dzanja limodzi, foni ili paphewa, amadzasiya kukalipira anzawo akumudzi kuti "mwachedwa kutumiza."

Ndipo musachite kamodzi pachaka. Luso lotere limazilala pakangopita miyezi yochepa. Mphindi 40 sabata iliyonse zimaposa msonkhano wa masiku asanu wa kuhotelo.

Ndili chaka chachitatu cha unamwino. Nthawi zina ndimaona kuti zimene zalembedwa mu fayilo sizili bwino, koma ndimaopa kunena. Kwathu anatiphunzitsa kuti wamkulu satsutsidwa. Ndichite bwanji osaoneka wamwano? *Wophunzira, Mzuzu*

Ulemu umene anakuphunzitsani kwanuwo musautaye, ndi umene udzachititse kuti anthu azikumverani. Chofunika kuwonjezera ndi mawu okonzeratu, kuti mantha akabwera pakamwa pasasowe chonena.

Titenge khanda la masiku awiri, lolemera makilogalamu 1.8, limene alilembera 15 mg ya gentamicin, mankhwala opha tizilombo ta bakiteriya. Mlingo umenewo ndi wa khanda la makilogalamu atatu lobadwa pa nthawi yake, pa 5 mg pa kilogalamu. Khanda lochepa thupi m'sabata yoyamba limafunika 3 mg pa kilogalamu, kutanthauza 5.4 mg basi. Zimene zalembedwazo zatsala pang'ono kukwana katatu, ndipo gentamicin wochuluka amawononga impso ndi makutu. Wolembayo si mbuli. Waona ana 40 m'mawa umenewo ndipo m'mutu mwake munatsala khanda lapita lija.

Musabaye, ndiponso musasinthe nokha mlingo mwakachetechete. Uzani namwino amene akukuyang'anirani, ndipo mupite kwa wolembayo fayilo ili m'manja. Yambani ndi chimene mwaona: "Adokotala, pepani, khanda ili ndi la 1.8, ndikawerengera pa 3 mg ndikupeza 5.4. Mungandionereko?" Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo. Akakuyankhani ali chiyendere kuti "ingoperekani," kwerani sitepe imodzi: "Ndili ndi nkhawa ndi impso za mwanayu, mlingowu ukuposa wa m'buku." Akapanda kumvabe: "Sindipereka mpaka tiwerengere limodzi, ndiitana a sisita." Onani kuti mawu onsewa akunena za mwana ndi manambala, sakunena za munthuyo. Ndipo ngati n'kotheka, musamuwongolere pamaso pa mayi wa mwana.

Kulankhula mozungulira ndi kumene kumapha. Ku England mu 2005, mayi wina wa zaka 37 amene ankakachitidwa opaleshoni yaing'ono ya m'mphuno anasowa mpweya pamene madokotala odziwa bwino ntchito ankalimbana ndi kuika paipi pakhosi. Anamwino anazindikira chofunika, mmodzi anabweretsa zida zobowolera pakhosi n'kunena kuti zafika, koma palibe anamuyankha ndipo iye sanabwereze. Mayiyo anamwalira patapita masiku 13. Nkhani yake imaphunzitsidwa m'sukulu zambiri za zaumoyo, ndipo ikuonetsa kuti kuopa akuluakulu si vuto la kwathu kokha.

Pa foni ya usiku gwiritsani ntchito SBAR, mfundo zinayi zotsatana: chimene chachitika, mbiri ya wodwala mwachidule, zimene mwapeza, ndi chimene mukupempha. M'malo monena kuti "mayi wa pa bedi 4 uja sakuoneka bwino," nenani: "Ndikuimba za mayi wa pa bedi 4, kupuma kwake kwatsika kufika 12 pa mphindi. Anabereka dzulo, ali pa magnesium sulphate woteteza kukomoka chifukwa cha BP yokwera, dozi yomaliza inali 10 koloko usiku. Bondo silikudumpha ndikamenya, mkodzo watuluka 60 ml yokha m'maola anayi, ndikuganiza kuti mankhwala achuluka m'thupi. Dozi yotsatira sitinapereke, calcium gluconate wothana ndi magnesium wochulukayo takonzeratu, tikupempha mubwere tsopano." Masekondi 30, ndipo munthu amene wadzutsidwa kutulo wadziwa kale choti achite.

Mawu awiri kwa aphunzitsi amene akuwerenga: kuphunzitsa wamng'ono kulankhula popanda kuphunzitsa wamkulu kumva n'kumuika mwana pamoto. Ophunzira udokotala ayeserere kuyankha kuti "zikomo mwaona, tiyeni tiwerengere," ngakhale pamene wofunsayo ndiye walakwitsa. Namwino amene wanyozedwa kamodzi chifukwa chofunsa sadzafunsanso tsiku limene ali ndi zoona.

Ife a kulabu ndi a kufamase timangoitanidwa kudzadzaza mipando. Nkhani zonse zimakhala za dokotala ndi namwino. Kodi tili ndi gawo? *Wophunzira za labu, Lilongwe*

Dandaulo lanu ndi loona, ndipo vuto lili pa kalembedwe ka nkhani ya wodwala. Nkhani yabwino ndi imene singathe popanda aliyense wa m'gulumo, ndipo wolemba aziyesa motere: ndikachotsa wa kulabu, kodi ena onse angamalizebe? Ngati angamalize, ilembedwenso.

Nachi chitsanzo. Mayi wa zaka 28 ali pa ma ARV a 13A, ali ndi kulera kwa pamkono, ndipo wapezeka ndi TB. Aliyense apatsidwe pepala lake lokhala ndi zimene ena alibe. Wa kulabu yekha ndiye akudziwa kuti makhololo oyamba anali malovu chabe, n'chifukwa chake anapempha ena, ndipo ndi amene angafotokoze zimene makina oyezera TB a GeneXpert anena, ngati TB yake ikumva mankhwala a rifampicin kapena ayi. Wa kufamase ndiye angaone kuti rifampicin amachititsa chiwindi kuphwanya mwachangu dolutegravir, mmodzi mwa mankhwala a mu 13A, kotero mayiyu akufunika piritsi lina la dolutegravir la 50 mg pakatha maola 12, apo ayi kachilombo kayambanso kuchulukana. Mzamba ndi wa kufamase pamodzi ndiwo angazindikire kuti rifampicin yemweyo amafooketsa kulera kwa pamkono, ndiye pakufunika kukambirana naye za makondomu kapena njira ina monga lupu. Namwino akumbuke pyridoxine woteteza dzanzi la kumapazi, ndi kumuchenjeza mayiyo kuti mkodzo usanduka wofiirira, asachite mantha n'kusiya mankhwala. Wophunzira za umoyo wa kumudzi afunse za ana osakwana zaka zisanu amene amagona naye nyumba imodzi. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri: aliyense akabisa pepala lake, mayiyu atuluka ndi mankhwala oyenera a TB, n'kubwera pakapita miyezi ali ndi pakati posayembekezera ndi kachilombo kochuluka.

Chinanso chimene chimathandiza kwambiri, ndipo sichilira ndalama, ndi kuyenderana theka la tsiku. Ophunzira unamwino ndi udokotala akhale pawindo lolandirira magazi kulabu, aone okha chifukwa chimene mabotolo amabwezedwera. Aone botolo lopanda dzina, fomu yopanda wodi, magazi oundana m'botolo la chivindikiro chapepo chifukwa sanalitembenuze pang'onopang'ono atangotenga. Aone zimene zimachitika munthu akakhuthulira magazi a m'botolo lapepo m'botolo lofiira pofuna kupewa kubayanso wodwala: potassium amaoneka wokwera moopsa, calcium wotsika, zonse zabodza. Aphunzire kulemba dzina pa botolo ali pambali pa bedi, wodwala atatchula yekha dzina lake. Kufunsa kuti "ndinu auje?" n'koopsa, chifukwa munthu wodwala, wosamva bwino kapena waulemu amangoti eya.

Inunso mupite kuwodi mukaone thumba la magazi limene munatulutsa. Likachoka mu firiji liyenera kuyamba kulowa mphindi 30 zisanathe ndi kutha mkati mwa maola anayi, ndipo mphindi 15 zoyamba namwino ayenera kukhala pafupi, chonsecho ali ndi odwala ena ambirimbiri. Mukaona zimenezo mudzamvetsa chifukwa chake kuimba foni kuti "magazi akonzeka, mwakonzeka kulandira?" kuli bwino kuposa kungomupatsira wotumidwa.

Kodi mapeto ake si oti aliyense azichita ntchito ya mnzake? Namwino ayamba kulemba mankhwala aliwonse, ife tiyamba kuyala mabedi? *Kiliniko ofesala, Kasungu*

Ayi, akulu. Malire a ntchito amaikidwa ndi Medical Council of Malawi, Nurses and Midwives Council of Malawi ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA, ndipo maphunzirowa sawasuntha. Amathandiza munthu kudziwa pamene ntchito yake yathera ndi woyenera kumuitana. Koma pa za mabedizo, wodwala akafuna kutembenuzidwa ndipo manja amene alipo ndi anu, mutembenuzeni.

Tikufuna kuika maphunzirowa mu pulogalamu yathu. Madipatimenti akukangana za nthawi, ndipo ena akuti ophunzira sawaikira mtima chifukwa alibe malikisi. Tiyambe chaka chiti, ndipo tiziyesa bwanji? *Mkulu wa dipatimenti, Blantyre*

Za nthawi zithetseni chaka chisanayambe. Madipatimenti onse agwirizane masana amodzi, mwachitsanzo Lachitatu loyamba la mwezi, ndipo tsikulo lilowe mu kalendala zinthu zina zisanaikidwe. Mukamafunafuna mpata pakati pa temu simudzaupeza.

M'mera m'poyamba, choncho yambani chaka choyamba, maganizo akuti "ife ndi apamwamba, awo ndi otumidwa" asanazike mizu. Koma za chaka choyamba zikhale zopepuka: kusamba m'manja, kutsitsimutsa munthu amene wasiya kupuma, kusunga chinsinsi cha wodwala, kutsatira wodwala mmodzi kuyambira pageti mpaka pawindo la mankhwala n'kulemba anthu onse amene anamugwira ndi nthawi imene anadikira. Zaka zapakati ndi za nkhani za papepala ndi masewero. Chaka chomaliza ndi cha odwala enieni. Posakaniza muziyang'ana zimene ophunzira aona kale kuwodi, osati nambala ya chaka chokha. Wa unamwino wa chaka chachitatu amakhala atagona kale usiku wambiri kuwodi, ndipo mukamuphatikiza ndi wa udokotala amene sanagwirepo wodwala, kapena mosinthanitsa, mmodzi amangokhala chete. Pewaninso gulu la anamwino asanu ndi anayi ndi wa zamankhwala mmodzi. Otsogolera akhale awiri ochokera ntchito zosiyana, ndipo kayankhulidwe kawo awiriwo ndi phunziro loyamba limene ophunzira amatola.

Pa odwala enieni, njira yodziwika ndi ya ku Linköping ku Sweden, kumene mu 1996 anatsegula wodi yoyendetsedwa ndi ophunzira. Ophunzira udokotala, unamwino ndi mafizo amasamalira odwala pamodzi kwa masabata awiri, aphunzitsi ali pafupi koma osawalanda ntchito. Kuno simukufunika wodi yonse. Patulani mabedi asanu ndi limodzi m'wodi ya akuluakulu, gulu limodzi liwasamalire masabata awiri, raundi ikhale imodzi, ndipo wofotokoza za wodwala azisinthana tsiku ndi tsiku. Chilichonse chimene alemba chisainidwe ndi wogwira ntchito wovomerezeka wa gawo limenelo.

Malikisi ayenera kukhalapo, chifukwa wophunzira amawerenga chimene chidzabwere pa mayeso. Koma musayese ndi mafunso olemba okha, poti aliyense amatha kulemba kuti kugwirizana n'kwabwino. Ikani siteshoni ya mphindi 8 mpaka 10 pa OSCE (mayeso ochita ndi manja woyesa akuona) imene wophunzira akupereka wodwala kwa mnzake wa ntchito ina, kapena akupeza mlingo wolakwika umene mwauika dala mu fayilo. Woyesa aone zinthu zooneka ndi maso: kodi anadzitchula dzina ndi ntchito yake, anabwereza lamulo la mankhwala, ananena nkhawa yake mpaka inamveka, anafunsa maganizo a wina? Malikisi ena akhale a gulu, ena a munthu payekha, kuti waulesi asabisale kumbuyo kwa anzake. Mapepala ofunsa ngati ophunzira "asangalala" ali ndi ntchito yake, koma sakuuzani ngati wina angaimitse jakisoni wolakwika.

Bambo anga anagwidwa sitiroko ndipo ndinakhala gadiyani masabata atatu. Dokotala ankanena zina, namwino zina, wa mafizo zina. Potuluka sitinadziwe chochita. Kodi ophunzirawa amaphunzitsidwa za ife? *Mayi wa ku Balaka*

Pepani, mayi, ndi zimene munadutsamo. Ayenera kuphunzitsidwa, chifukwa m'zipatala zathu gadiyani ndiye amadyetsa, kusambitsa ndi kutembenuza wodwala, ndipo ndi amene amakhala naye usiku wonse. Gulu limene silinamuwerengere gadiyani silinakwane.

Ntchito imene timapempha kuti ophunzira a chaka chomaliza azipatsidwa ndi yokonzera limodzi katulukidwe ka wodwala ngati bambo anuwo, pa pepala limodzi, m'Chichewa. Asanabwere kwa inu ayambe agwirizana okhaokha, kuti musamve zitatu zosiyana. Papepalapo palembedwe kuti wodwala amene sangadzitembenuze atembenuzidwe maola awiri aliwonse, ndipo muziyang'ana chiuno, zidendene ndi m'munsi mwa msana ngati khungu lasintha mtundu. Palembedwe kuti adye atakhala tsonga, phala lolimbirako, pang'onopang'ono, akhalebe tsonga mphindi 30 atatha kudya, ndipo akamatsamwa kapena mawu akamamveka onyowa musiye kumudyetsa mukanene kuchipatala, chifukwa chakudya cholowa m'mapapo chimabweretsa chibayo. Palembedwe kuti dzanja lofookalo musamukokere pomudzutsa, phewa limaguluka. Wa zamankhwala alembe piritsi lililonse, ntchito yake ndi nthawi yake, ndi kuti a BP sasiyidwa ngakhale munthu akupeza bwino. Tsiku lobwerera ndi malo okatengera mankhwala zilembedwe m'buku la kuchipatala, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu adziwitsidwe.

Pomaliza wophunzira asafunse kuti "mwamva?", chifukwa aliyense amayankha kuti eya. Akupempheni kuti mumutembenuze wodwalayo iye akuona, mumukhazike tsonga, mumupatse masipuni awiri a phala, ndi kutchula mankhwala a m'mawa ndi a madzulo. Bambo akadzabwerera kuchipatala, pemphani zimenezi: pepala limodzi, ndi munthu mmodzi woti akuonereni mukuchita musananyamuke.